Mwendo wa Ababa

Lolemba, 5 Juni

Atigoneka lero masana, wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Odwala ndi Ababa, a Zakeyu. Ine Tiyamike ndine gadiyani wawo. Amayi anatisiya ndili Sitandade 7, sukulu inathera pomwepo. Achimwene a Aubrey ali ku Joni. Palibenso wina.

Kope ili andipatsa ndi anesi, a Deliwe. Akuti ndizilemba nambala ya shuga nthawi iliyonse akayeza, chifukwa adokotala akandifunsa ndimangoyang'ana pansi. Kulemba ndimatha. Chimandivuta ndi kuyankhula.

Shuga 438. Akuti wakwera kwambiri. Aika dilipi, abaya insulini.

Vuto ndi phazi lamanja. Ababa amalondera pamalo pogona mathiraki kumalire. Kutayamba kuzizira ankaotha mbaula, phazi linapsa m'kati mwa jombo iwo osamva, poti shuga anawapha kale mapazi. Anabisa masabata atatu. Ine ndinadziwira fungo. Lero phazi lakana kutuluka, jombo achita kuidula ndi sizasi. Ababa sanayang'ane bala, amayang'ana jomboyo. Ndi ya ku usilikali, yasokedwa kambirimbiri. Andiuza kuti ndisataye. Ili pansi pa bedi.

Lachiwiri, 6 Juni

Shuga 390 m'mawa, 352 madzulo. Jakisoni wa m'mitsempha kamodzi patsiku. Atsuka bala, achotsa mnofu wakufa. Zala ziwiri zada bii.

Pabedi loyandikana pali a Abdu, dalaivala wa thiraki ya ku Beira. Anathyoka ntchafu, mwendo aukoka ndi chingwe cholendewera chitsulo. Sangadzuke, koma pakamwa sipapuma. Ataona Ababa akupinda bulangeti bwinobwino mpaka m'ngodya, anakuwa:

"Awa ndi asilikali awa! Sajeni!"

"Sindinafike pa usajeni," anatero Ababa.

"Muno mwafika. Ndakukwezani ndine. Nanga mwanayu lilime analisiya ku Thambani?"

Ndinabisa nkhope. Akazi awo, a Subira, anawamenya ndi mpango paphewa, kenako anandiperekeza kukhitchini ya magadiyani kukandionetsa pophikira. Andiphunzitsa phala la mgaiwa lopanda shuga. Ababa adya masupuni anayi.

Lachitatu, 7 Juni

Shuga 331.

Abwera adokotala a mafupa. Anadina mwendo m'malo angapo, nkufunsa ngati Ababa akumva. Kenako anatenga cholembera nkulemba mzere pamsongolo, pomwe pafika kufiira. Andiuza kuti kufiirako kukadutsa mzere ndiziwauza.

Anati, "Bambo, phazi ili lafa. Tikalisiya lipha thupi lonse. Tidule m'munsi mwa bondo. Mudzayenda ndi ndodo, mwina ndi mwendo woikirira. Koma musayine nokha papepala ili."

Ababa anati, "Ayi."

Adokotala anafotokozanso pang'onopang'ono. Ababa anati, "Ndamva, adokotala. Zikomo. Ayi."

Pepala alisiya m'fayilo kumapazi kwa bedi. Ndakhala ndikuliyang'ana tsiku lonse.

Lachinayi, 8 Juni

Shuga 344. Kufiira kwadutsa mzere ndi chala chimodzi. Alemba mzere wachiwiri.

Ndaimbira achimwene pafoni ya a Subira. Anakalipa. "Sayina iweyo! Uli pomwepo ukuchita chiyani?" Ndinakafunsa a Deliwe. Akuti sizitheka, chifukwa Ababa mutu wawo uli bwinobwino, mwendo ndi wawo. Achimwene anati ndiwapatse foni Ababa. Ababa anatseka maso.

Ndachapa, ndaphika, ndatulutsa chikodzera. Zimenezi ndiye ndimatha.

Lachisanu, 9 Juni

Shuga 318. Thupi latentha, 38.4. Panado.

Masana a Abdu anasisita manja pakhoma, nkupukuta kumaso ndi m'manja, nkuyamba kupemphera chogona, akungogwedeza mutu. Ababa anawayang'ana mpaka kumaliza.

"Osasamba, osagwada, Mulungu amamvabe?" anafunsa.

"Anandithyola ndani, Sajeni? Akudziwa kuti sindingagwade. Ndimapita momwe ndililimu."

"Ena sitingapite momwe tililimu."

"Bwanji? Mwanunkha phazi basi. Ine ndinanyamulapo nsomba zouma kuchokera ku Beira masiku asanu, mkazi wanga anandilandirabe."

"Ndinakulandirani ndi sopo," anatero a Subira.

Wodi yonse inaseka. Ababa sanaseke.

Chibadwire changa sindinawaonepo akudya mgonero. Kutchalitchi amapita, amakhala benchi lomaliza, ikafika nthawi ya mgonero amatuluka nkukaima pansi pa mtengo. Chinanso, salola munthu kuwatsogolera panjira. Tikamapita kumunda ndili wamng'ono ankati, "Ponda pomwe ndaponda." Ndikalowa muudzu kuthamangitsa chiwala ankandikoka dzanja mpaka kupweteka. Ndinkaona ngati ndi nkhanza chabe. Amayi ankangoti, "Za ku Mozambiki zimenezo, usafunse." Sindinafunse.

Loweruka, 10 Juni

Shuga 327. Mzere wachitatu.

Ndilemba zonse momwe ndamvera, ndingaiwale.

Nthawi ya alendo, bedi lililonse linali ndi anthu kupatula athu awiri. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa loka, kakabati ka pambali pa bedi, ndikusenda nachesi, adokotala analola limodzi patsiku. Ndikuganiza kuti Ababa anaiwala kuti ndilipo. Anthu amaiwala kawirikawiri.

A Abdu anati, "Sajeni, mukuopa mpeni? Inu munthu wa kunkhondo?"

Ababa anatembenukira kwa iwo. Kenako anayamba.

Akuti chinali chaka cha 1989, ali ndi zaka 22, akulondera njanji ku Mozambiki. M'gulu lawo munali mnzawo wa kwathu ku Thambani, a Langton. Analowa usilikali tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankayendera njanji pamzere, ndipo wotsogola ankasinthana, chifukwa m'njira munkakwiriridwa mabomba.

"Tsiku limenelo linali langa. Ndinadzuka ndi mantha, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinanama kuti ndatsegula m'mimba. Langton anaseka, anati, 'Pita kumbuyo, Zake, ungatinunkhitse tonse.' Anatsogola. Sitinayende ngakhale kuchokera pano kufika pageti, bomba linaphulika."

Ababa anapitiriza.

"Mwendo wake unagwera muudzu, jombo ili komweko. Ndinauona. Mkulu wa gulu anati wina amene wauona akautenge. Ndinayang'ana udzuwo, ndinati sindikuuona. Langton anafera m'njira. Bokosi ndinaperekeza ndine kumudzi, lokhomera kale. Amayi ake anandigwira malaya, anati, 'Zakeyu, mwana wanga ali wathunthu?' Ndinati inde."

"Munali mwana, Sajeni."

"Ndinathawa katatu. Tsopano chandipeza, mwendo womwewo, wamanja. Ndikadula ndiye kuti ndathawanso. Chisiyeni chimalize."

A Abdu anati, "Ine sindine shehe, ndine dalaivala. Koma mwendo wanuwo sukafika kwa Langton. Ungowola pano, mwana wanu akuona."

Pamenepo Ababa anatembenuka nkundiona. Nachesi linali lidakali m'manja. Ndinawapatsa, sanalandire.

A Langton ndimawadziwa dzina lokha. Mlongo wawo, a Doris, amakhala kutsidya kwa mtsinje kwathu. Ababa akawaona pamsika amakhotera njira ina. Ndinkaganiza kuti anakangana za malire a dimba.

Lamulungu, 11 Juni

Shuga 365. Kutentha 39.1.

Kunabwera abusa ndi amayi a mvano, anaimba, anapereka mgonero kwa ofuna. Ababa anatembenukira kukhoma.

Ndapemphera kubafa. Mawu sanabwere.

Lolemba, 12 Juni

Shuga 402. Kutentha 39.3. Asintha mankhwala, tsopano jakisoni ndi mitundu iwiri. Mzere wachinayi uli pabondo penipeni.

Adokotala anandiitanira pakhonde. Akuti zodula m'munsi mwa bondo zatha, tsopano ndi pamwamba. Akuti tikafika Lachisanu osadula, ngakhale mpeni suthandizanso. Anandifunsa ngati pali munthu amene Ababa amamumvera. Ndinayang'ana pansi.

Nditabwerera ndinagwada pambali pa bedi. Ndinakonza mawu ambiri, koma chinatuluka ndi chimodzi: "Ababa, nanga ine?"

Anandigwira mutu. Dzanja linali lotentha ngati mbale ya pamoto.

"Mlonda wa mwendo umodzi angakuthandize chiyani, mwanawe? Udzakhala ukunditulutsira chikodzera mpaka kukalamba. Ukwatiwe, uzipita."

Sanadye. Dilipi yokha.

Madzulo a Subira anandipeza ndikutsuka mbale yoyera kale. A Abdu anali atawauza za Loweruka. Anati, "Malemuyo ali ndi mlongo wamoyo?" Ndinagwedeza mutu. Anati, "Mawa ndiwayang'anira ndine bambo akowo. Awiri onse ndi ogona, sathawa."

Ndinati sindingathe kukayankhula. Anati, "Ndiye ukangoima pakhomo pawo. Kuima umatha."

Lachiwiri, 13 Juni

Shuga 388, andilembera a Deliwe papepala poti ndinali nditachoka.

Ndinakwera pikapu ya ku Thambani m'mawa. Fumbi, kuzizira. Njira yonse ndinkabwereza mawu. Nditawoloka mtsinje mawu onsewo anathawa m'mutu.

A Doris ndinawapeza akusankha manachesi pamkeka, akulu mbali iyi, ang'ono mbali iyo. Ndi mayi wamtali, wa imvi, wa mawu okhuthala. Ndinati odi, ndinagwada, basi.

"Iwe si mwana wa Zakeyu? Watumidwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Amwalira?"

Ndinapukusanso.

"Nanga yankhula, mwanawe, dzuwa likupita."

Ndinatulutsa kope ili, ndinatsegula pa Loweruka, nkuwapatsa. Analiyang'ana patali, analibweza. "Maso anga anatha. Werenga iwe."

Ndinawerenga. Poyamba ndinkawerenga motsitsa, anati ndikweze. Chisiyire sukulu sindinawerengepo mokweza pamaso pa munthu. Nditafika poti "ungatinunkhitse tonse" anaseka kamodzi, anati, "Ndi iyeyo ameneyo." Kenako sanasekenso. Manja anasiya kusankha. Ndinawerenganso za Lolemba, za Lachisanu lija ananena adokotala.

Nditamaliza ndinatseka kope. Anafunsa kuti pikapu yomaliza imanyamuka nthawi yanji. Ndinawauza. Anati, "Kwera. Ine ndili ndi mbuzi zoti ndimange."

Sananene kuti abwera. Sananene kuti sabwera.

Ndapeza Ababa akubwebweta pang'ono ndi kutentha. Sindinawauze komwe ndinapita. Mwina ndalakwa. Nkhani inali yawo, ine ndakaipereka kwa eni ake popanda kupempha.

Lachitatu, 14 Juni

Shuga 371. Kutentha 38.9. M'mawa mutu wawo unali bwino, anandizindikira, anamwa tiyi wopanda shuga.

A Doris analowa nthawi ya alendo ya masana, beseni la manachesi pamutu. Analitula pansi, anaima kumapazi kwa bedi. Ababa anayesa kudzuka kuti akhale tsonga, analephera. Anandiyang'ana ine, ndinayang'ana pansi.

"Zakeyu, mwakalamba."

"Alongo."

"Musanditchule alongo kaye. Mwana wanu wandiwerengera. Tsopano ndimve kwa inu."

Ananena zonse, osadumpha. A Abdu anadziphimba kumutu ndi bulangeti ngati agona, koma zala zawo zinkayenda pa tasibihi, mikanda yawo yopempherera.

Atafika pa za mwendo, a Doris anawadula.

"Zimenezo tinkadziwa. Mukuganiza kuti amalume akanaika mwana wa mlongo wawo osamuona? Anazula misomali. Anaona. Anakadula thunthu la nthochi, analiyeza ndi mwendo winawo, analikulunga nsalu nkuliika pamalo pake, monga timachitira. Langton anapita wathunthu. Amayi anakufunsani dala, ndipo mutachoka anati, 'Mwana uja wandinamiza pondimvera chisoni, Mulungu amusunge.' Anakudikirani zaka khumi ndi chimodzi kuti mubwere mudzawauze momwe mwana wawo ankakhalira kumeneko, ankadya chiyani, ankaseka ndi ndani. Inu mumakhota njira."

Ababa analira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a Amayi. Analira pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu.

A Doris sanawatonthoze. Anati, "Koma zoti tsikulo linali lanu, zimenezo sindinkadziwa. Ndazimva dzulo. Sindinagone nazo."

"Mundikhululukire."

"Lero ayi. Inu mwakhala nazo zaka makumi atatu ndi zinayi, ine tsiku limodzi. Mundipatse nthawi."

"Nthawi ndilibe."

"Ndiye ipezeni! Mukafa Lachisanu ndidzakhululukira ndani? Chulu cha dothi? Mufuna muthawenso, mundisiye nazo ndekha?"

Ngakhale wailesi ya pabedi lakumapeto anaizimitsa.

Ababa anati, "Mwendowo mukauike pafupi ndi iye."

"Ayi. Malo amenewo ndi anga, ndinawasunga kale. Mwendo wanu ukagone kwanu. Langton alibe nawo ntchito."

Anamanga chitenje, anatuluka osatsanzika.

Patapita nthawi Ababa anati, "Tiya, kaitane anesi. Abwere ndi cholembera."

Ndinathamanga m'wodi, ngakhale amaletsa. Asayina, dzina likuwerengeka. A Abdu anatulutsa mutu m'bulangeti. "Mwasayina, Sajeni? Ndiye tsopano ndinu Kaputeni."

Anesi akuti asadye kanthu kuyambira madzulo ano, adula mawa.

Lachinayi, 15 Juni

Shuga 240, anautsitsa ndi dilipi ya insulini. Analowa kufiyeta 10 koloko, anatuluka 1 koloko itadutsa. Adula pamwamba pa bondo. Awaika magazi botolo limodzi.

Akanasayina Lachitatu lapitalo bondo likanatsala. Ndalemba kuti ndisadzanene pakamwa.

Bulangeti lagona fulati mbali imodzi. Maso anga akumangobwerera pomwepo.

A Deliwe anafunsa ngati mwendo titenga kukaika kumudzi kapena tiusiyira chipatala. Ababa atatsitsimuka anati kumudzi, pamodzi ndi jombo yodula ija. Wopita nawo palibe. Ndine.

Lachisanu, 16 Juni

Shuga 212. Kutentha 37.8.

Anandipatsa utakulungidwa m'mapulasitiki akuda awiri, ndi kalata yachidindo yoti ndionetse wina akandifunsa panjira. Ndinakulunganso m'chitenje cha Amayi pamodzi ndi jombo. Ndi wolemera kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinaunyamula m'manja ngati mwana.

Pa pikapu adalaivala anati, "Katundu apite pansi pa matumba, asisi, anthu akhale bwino." Anatambasula dzanja kuti atenge.

Ndinati, "Si katundu."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi Ababa."

Mawu anatuluka aakulu, ine ndemwe ndinadzidzimuka. Anthu anatembenuka. Ndinaonetsa kalata. Adalaivala anavula chipewa, anatsitsa bambo wina kutsogolo, nkundikhazika ineyo. Njira yonse sanayatse nyimbo.

Kumudzi amalume anali atauza kale adzukulu, poti a Subira anaimba foni dzulo. Anakumba kadzenje pambali pa Amayi. Panalibe nyimbo, panalibe kulira, poti mwini wake ali moyo. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Mdzukulu wina anati, "Akawauze a Zakeyu kuti asafulumire kuutsatira, ife makasu atopa." Anthu anaseka pang'ono.

Pobwerera ndinayang'ana kutsidya. Chitseko cha a Doris chinali chotseka. Sindinawoloke.

Loweruka, 17 Juni

Shuga 186. Kutentha kwatsika. Atsegula bandeji, akuti bala ndi loyera.

Ababa akuti chala chachikulu chikuwayabwa, cha phazi lomwe kulibe. Anandipempha kuti ndikande. Ndinakanda matiresi. Anati, "Kumanzere pang'ono." Sindikudziwa ngati amaseka.

Afunsa kawiri ngati kwabwera munthu.

Lamulungu, 18 Juni

Shuga 164.

Abusa anabweranso ndi mgonero. Lero Ababa sanatembenukire kukhoma. Abusa ataima pabedi pathu, Ababa anati, "Osati lero, abusa. Pali munthu ndikumudikira. Koma Lamulungu likubwerali musandidumphe, mudzandifunsenso." Abusa anati adzafunsa.

Sindikudziwa kuti tikatuluka tikakhala bwanji. Ntchito ya ulonda yatha. Achimwene akuti aona. Adokotala akuti shuga sachoka, jakisoni ndi wa moyo wonse, ndipo phazi lotsalalo ndiziliyang'ana tsiku lililonse pakati pa zala. Za ndodo akuti tiyamba bala likauma.

A Doris sanabwere. Ababa akamva nsapato pakhonde amadzutsa mutu.

Madzulo ndikusesa pansi pa bedi ndinakoka beseni lija. Manachesi tinagawa wodi yonse, latsala lopanda kanthu. Ndi lachitsulo, lakale, pansi analemba ndi penti kuti D. Ndinafunsa a Subira ngati ndingalitumize pa pikapu.

"Usayerekeze," anatero. "Mayi wogulitsa manachesi, mwezi wa Juni, kuiwala beseni? Analisiya dala ameneyo. Adzalitenga yekha."

Ababa anamva. Anati ndilitsuke bwino ndi phulusa, ndiliike pamwamba pa loka, pomwe angamalione. Kenako anapempha phala. Amaliza mbale yonse.